Mayi Amene Anachotsedwa Ntchito ndi Kabokosi

Tsiku limene anamuchotsa ntchito sanamukalipire n'komwe. Anangomuonetsa chithunzi pa kompyuta, cha mizere yobiriwira ndi yofiira. Yobiriwira inali nthawi imene makina ankayenda. Yofiira inali nthawi imene ankaima. Ndipo yofiira yambiri inali ya nthawi imene iye ankakhala pa makinawo.

Inu amene munanyozedwapo pa ntchito imene mumaidziwa bwino, khalani pansi mumve nkhani iyi.

Mayiyu ankagwira ntchito pa fakitale yaing'ono youmba ndowa za pulasitiki. Antchito analipo khumi ndi awiri, makina amodzi okalamba, ndi denga la malata lotentha ngati chiwaya. Ankagula mapulasitiki otha ntchito, kuwaduladula, kuwatsuka, kuwasungunula n'kuumba ndowa zatsopano. Iye anali atakhala pa makinawo zaka khumi ndi zinayi. Mayeso a kusukulu anawalephera katatu, koma makinawo ankawamva ngati mmene mayi amamvera kulira kwa mwana wake. Tizidutswa ta pulasitiki tikalowa tisanaume bwino, m'mimba mwa makina munkamveka kuthetheka, kaphokoso kochepa ngati mchere wagwera pa makala. Akangokamva ankazimitsa makina, n'kuyanika kaye tizidutswato. Anzake anamupatsa dzina loti Chizimitsa, ndipo iye ankalivomera mokondwa.

Chaka chimene anachotsedwacho boma linagwirizanitsa yunivesite ndi kampani ina ya makompyuta kuti achite kafukufuku wothandiza mafakitale ang'onoang'ono. Cholinga chinali chabwino, tisanamizane. Kunabwera anthu awiri: mayi wofufuza wa ku yunivesite, amene onse ankamutcha adokotala, ndi bambo wa kampani wovala nsapato zosongoka. Anamata kabokosi kakuda pa makina kuti kaziwerenga nthawi imene akuyenda ndi imene aima. Anacheza ndi abwana a fakitale, anajambula makina mbali zonse, n'kumapita pasanathe theka la ola. Munthu amene anali pampando wa makinawo sanamufunse ngakhale dzina. Mawu okha amene bambo wa kampani anamuuza anali akuti, "Mayi, tasunthani pang'ono, mukutchinga."

Patatha miyezi itatu lipoti linatuluka, ndipo abwana anamuitanira mu ofesi.

"Kompyuta sinama, mayi. Mumaimitsa makina kuposa aliyense. Pano alemba kuti ndi ulesi."

"Bwana, mwaifunsa kompyutayo chifukwa chimene ndimazimitsira?"

"Ndiye inu mudziwe kuposa anthu a madigiri?"

Anatuluka atapinda epuloni yake m'kajumbo. Zaka khumi ndi zinayi zinakwana m'kajumbo kamodzi!

Chomupweteka kwambiri sichinali ntchito ayi, koma liwu lija loti ulesi. Lipotilo linagawidwa ku mafakitale onse amene anali m'kafukufukuyo. Dzina lake lenileni silinalembedwemo, koma ndani sankadziwa amene amakhala pa makina aja? Anakafunsira ntchito malo awiri, ndipo konse kapitawo ankamwetulira n'kuti, "Oo, ndinu ozimitsa aja? Kuno timayatsa, mayi."

Anakathera pa benchi ya alamu ake, akazi a mchimwene wake, amene ankagulitsa ziwiya za m'nyumba kumsika.

"Alamu, anzanu amachotsedwa ntchito ndi anthu," iwo ankamuseka. "Inu mwachotsedwa ndi kabokosi kopanda ndi mano omwe!"

Pa benchipo ankagulitsanso ndowa za ku fakitale ija. Posakhalitsa ogula anayamba kubwera nazo. "Mwatigulitsa ndowa kapena sefa?" Chizimitsa anatenga imodzi n'kuiyang'anitsa kudzuwa. M'thupi mwake monse munali timatuza ting'onoting'ono, chizindikiro cha pulasitiki imene inaumbidwa isanaume. Anaitembenuza. Kunsi kwa ndowa iliyonse chikombole chimadinda mwezi umene yapangidwa. Zodontha zonse zinali za miyezi imene iye anali atachoka.

Anayamba kuzisonkhanitsa. Anazungulira msika wonse kupempha ndowa zong'aluka, mpaka khonde la nyumba linadzaza.

"Alamu, nyumba yanga mwaisandutsa dzala," alamu ake anadandaula. "Mukufuna kutsegula chipatala cha ndowa?"

"Ndikufuna kutsuka dzina langa."

"M'ndowa zodontha?"

Anapita ku yunivesite. Mlonda wa pageti anamufunsa kalata yomuitana, ndipo anabwerera. Analemba kalata ndi dzanja lake, masamba awiri, koma yankho silinabwere. Anapitanso kachiwiri, anati adokotala ali ku msonkhano. Kachitatu anati ali kunja. Kafukufuku wonena za iye ankachitikira kuseri kwa geti limene iye sankaloledwa kudutsa.

Kenako anamva pa wailesi kuti ofufuza aja adzaonetsa zotsatira zawo m'holo ya pa yunivesitepo. Tsikulo anasenza ndowa khumi zolowetsana, ndi imodzi yakale ya kunyumba imene anaumba yekha. Mlonda atangoona ndowa anatsegula geti osafunsa kanthu.

"Okolopa amalowera kuseri uko, mayi."

Mwamva? Atabwera ngati munthu wodziwa ntchito anamubweza katatu. Atamuyesa wokolopa, geti linatseguka lokha. Mayiyu analowa. Anatunga madzi pampopi m'ndowa yake yakale ija, n'kulunjika m'holo.

Munali modzaza akuluakulu a boma ndi eni mafakitale. Bambo wa kampani anali kutsogolo, akuloza mizere yobiriwira yokhayokha. "Onani! Chichotsereni vuto lija, makina awa saimanso." Anthu anaomba m'manja.

Chizimitsa anayenda pakati pa mipando. Anaika ndowa yatsopano patebulo la akuluakulu, n'kukhuthuliramo madzi a m'ndowa yakale. Kwa kanthawi sipanachitike kanthu. Kenako madzi anayamba kuchucha m'mbali, ananyowetsa malipoti, anatsikira pansi mpaka pa nsapato zosongoka zija.

"Ine ndine mzere wofiira uja," iye anatero. "Iyi yakaleyi ndinaumba ine waulesi. Iyi ikudonthayi yaumbidwa ndi makina osaima. Kabokosi kanu kanawerenga kuti ndinaima kangati, koma sikanafunse chifukwa chake. Kabokosi kalibe pakamwa, ndikakhululukira. Nanga inu?"

"Achotseni mayi awa!" bambo wa kampani anakuwa.

"Asiyeni," adokotala anatero, ataimirira. Anatola ndowa ija, naiyang'ana powala, naiyang'ananso kunsi. Nkhope yawo inagwa. "Mayi, mumadziwa bwanji kuti pulasitiki sinaume?"

"Ndimamva."

"Mumamva chiyani?"

"Bwerani mudzamve nokha. Koma musadzakhale theka la ola."

Adokotala anabweradi, ndipo anakhala milungu isanu ndi umodzi pansi pa malata otentha aja. Abwana, amene ndowa zobwezedwa zinali zitawafika m'khosi, anatsegula chitseko mwachangu. Pa makina anamatapo kamaikolofoni. Chizimitsa ankakhala pampando wake wakale, ndipo akamva kuthetheka ankakweza dzanja, adokotala n'kuika chizindikiro pa kompyuta. Umu ndi mmene kompyutayo inaphunzirira. Siinali yanzeru poyamba. Mvula ikagwa padenga inkati pulasitiki yanyowa. Wina akagwetsa sipanala inkachenjezanso.

"Adokotala, mwana wanuyu akanakhala wanga akanabwereza kalasi," iye ankatero. "Tiyambirenso."

Anayambiranso kosawerengeka mpaka kabokosi kanayamba kumva zoona. Pamenepo bambo wa kampani anatulukira ndi mapepala onena kuti luso latsopanoli ndi la yunivesite ndi kampani basi.

"Waya ndi wanu," Chizimitsa anamuuza. "Khutu ndi langa. Mulembe eni ake atatu. Ndipo mafakitale onse amene munawauza kuti ndine waulesi, muwalembere kalata kuti munalakwitsa."

Bamboyo anazengereza, koma adokotala anakana kusaina kufikira zonse ziwiri zitachitika. Kalata inapita. Dzina la mayi wolephera mayeso katatu linalembedwa pambali pa la dokotala.

"Mayi, tiiwale zakale," abwana anatero tsiku lomubwezera pa ntchito.

"Kugwira ntchito ndigwira, bwana. Kuiwala ayi."

Pofuna mawu oti kabokosi kazichenjezera anthu, adokotala anajambula a mwini khutu. Lero m'mafakitale ambiri ang'onoang'ono, kuphatikizapo awiri aja amene anamuseka, pulasitiki yonyowa ikangolowa m'makina mumamveka mawu a mayi akuti, "Zimitsani!" Ndipo akapitawo amathamanga kukazimitsa.

"Alamu," anatero alamu ake akupukuta misozi ya kuseka, "anakuchotsani chifukwa chozimitsa makina amodzi. Pano mukuzimitsa tauni yonse!"

Inu ophunzira, mukamapita kukathandiza anthu, musawauze kuti akutchinga. Afunseni kaye. Ndipo inu amene munalembedwa ngati mzere wofiira m'lipoti la wina, musapinde manja n'kumalira pakhonde. Sonkhanitsani ndowa zanu zodontha. Geti likakana katatu, pitaninso kachinayi. Zimene mukudziwa sizinathe chifukwa choti wina sanafunse. Musataye mtima, limbikirani mpaka akumveni.