Potiphar ndi Dirayivu ya Kwaya

Pa Lirangwe panamveka zoti Potiphar wafufuta nyimbo zonse za kwaya ya amayi. Ena mpaka ankati wazigulitsa kwa asataniki, poti kompyuta yake imangoonetsa mdima ndi timalemba toyera tikuthamanga. Bodza. Asataniki angagule chiyani kwa munthu womanga nsapato ndi waya?

Potiphar ndi mwana wa a January akalipentala. Anafika Fomu 4, ine ndinalekera Sitandade 6, koma benchi timakhalira limodzi. Ntchito yake ndi kuika nyimbo m'mamemore khadi a anthu. Chaka chatha anayamba matama: akuti Windows ndi malaya a pakaunjika, iye asoka ake. Amange yekha pulogalamu ina yoyendetsa kompyuta, yotchedwa Linux, chidutswa ndi chidutswa.

Laputopu yake inalibe malo. Ndiye anatenga dirayivu, kabokosi kosungira nyimbo kamene Mai Tinenenji, atsogoleri a kwaya, anamusungitsa, kuti amangiremo Linux yakeyo. Mawu a malemu mchemwali wawo ali m'menemo basi, kwina kulibe. Nyimbo anazisamutsira kaye m'mamemore khadi, dirayivu n'kuikonza mwa chiLinux, kenako n'kuzibwezeramo. Kupempha ayi.

Loweruka lina iye atapita kukagula chipisi, Mai Tinenenji anafika, n'kuzula kabokosi kawo ntchito yomanga Linux ili mkati. Anapita nako ku Chileka kwa Majid, woika nyimbo wina, kuti awajambulire nyimbo za pa chiliza cha mchemwali wawoyo. Kompyuta ya Majid ndi ya Windows, chiLinux sichimva.

"Mayi, umu sindikuonamo kanthu," anatero Majid. "Ikuti tifufute tiyambirenso. Ine sindigwira."

Mayi analira mu minibasi njira yonse. Mphekesera inawapitirira pa kabaza.

Anabwera kwa Potiphar ndi amayi khumi, zitenje zomanga m'chiuno. Iye thukuta kamukamu, analumikiza kabokosi, n'kulemba kamzere kamodzi kouza kompyuta khomo lolowera. Akuti kumaunta. Malemu aja anayamba kuimba m'sipika. 

Mai Tinenenji anapukuta misozi. "Iwe mwana wa a January, ndiikire m'memore pompano. Ndipo pa chiliza usadzaoneke."

Nditamufunsa za mphekesera ija anati, "Achimwene, ine sindinafufute kanthu. Iwo ndi amene anazula dirayivu osandifunsa, ntchito yanga ya masiku atatu n'kufa. Amenewo ndiwo ofufuta. Kawauzeni."