Msilikali wa m'munda wa anyezi

Nyumba ya a Doreen inkanunkha mafuta opaka m'mawondo ndi buledi wopserera. Fungolo linkafika mpaka kuchipinda kwathu, poti nyumba za mumsewu wathu ku Leeds, ku England, zinali zogundana, zonse za njerwa zofiira zoderako ndi utsi wakalekale. Ndinali ndi zaka khumi. Masamba anali atayoyoka, akumata kunsapato, ndipo mdima unkatipeza panjira tikuchokera kusukulu.

Amayi ankadikira yankho la boma ngati tiloledwe kukhala m'dzikomo, ndipo sankaloledwa kugwira ntchito. Kungokhala kunkawadwalitsa. Anayamba kumapita kwa a Doreen, mayi wokalamba wa khomo loyandikana nafe, kukawakolopera ndi kuwawenga zikhadabo, ine ndili pambuyo. Anandiuza kuti ndiziwatchula agogo, koma eniakewo anakana kwamtuwagalu. "Sindine gogo wa munthu. Ndine Doreen."

Anabadwira ku Australia, ku England anabwera ndi ukwati, ndipo amuna awo anali atamwalira kale. Pamwamba pa kanema panali chithunzi cha mnyamata wovala chipewa chopinda mbali imodzi. Anali mlongo wawo Keith, amene anapita kunkhondo yachiwiri ya dziko lonse, n'kugwidwa ku Asia, osabwerakonso. Amuna atatha m'mafamu a ku Australia chifukwa cha nkhondoyo, a Doreen, akadali mtsikana, analembetsa m'gulu la atsikana olima kuti asilikali asafe ndi njala. Zaka zitatu anakumba anyezi ndi mbatata, kugona m'mashedi onunkha nkhosa, kudzuka zala zitauma ndi chisanu. Anandionetsa chala chamkombaphala chimene makina odulira udzu anachidula nsonga. Nkhondo itatha, anyamata obwerako anaguba m'misewu anthu akuwomba m'manja. Atsikana olima anauzidwa kuti si asilikali, aime m'mbali.

Mwezi wa Novembala aliyense anavala kaduwa kofiira kapepala pamtima, kokumbukira amene anafera kunkhondo. Aphunzitsi athu anati tilembe za munthu mmodzi amene anatumikira pankhondo, zolembazo akazimata pakhoma la holo. Anzanga analemba za agogo awo a mamendulo. Ine ndinadzaza masamba awiri ndi a Doreen, ndi chala chomwe.

Aphunzitsi anandibwezera pepala langa akumwetulira. "Chisomo, walemba bwino, koma mayiwa sanapite kunkhondo. Ulembe za mlongo wawo."

Ndinati ayi. Mawuwo anangotuluka okha. Anandisiya m'kalasi nthawi yopuma kuti ndilembenso. Ndinkamva mpira ukugunda khoma panja, paipi yotenthetsera chipinda ikulira pansi pa windo. Ndinalembanso za a Doreen, mawu omwewo. Mawa lake chimodzimodzi. Tsiku lachitatu anandipatsa kakalata kopita nako kunyumba.

Amayi anakawerenga ataimirira, jekete asanavule. "Mwanawe, nkhani yathu ili m'manja mwa anthu. Usatipangitse kutchuka ndi mwano. Lemba zimene akufuna." Ndinakhala patebulo la kukhitchini, pepala loyera patsogolo, mpaka mpunga unazizira m'mbale. Sindinalembe. Amayi sanandikalipirenso. Anangotuluka, ndipo ndinamva akugogoda khomo loyandikana nafe.

Lachisanu, poweruka, ndinawapeza m'holo ya sukulu. A Doreen anali atavala jasi lobiriwira lonunkha mankhwala a njenjete, atatsamira chitsulo chawo choyendera, amayi atawagwira chigongono. Paulendo umene ine ndinkayenda mphindi zisanu, iwo anatha theka la ola, mvula ikuwaza. Anawerenga mapepala onse apakhoma, limodzilimodzi, mphuno itatsala pang'ono kukhudza khoma. Aphunzitsi anabwera n'kuyamba kufotokoza mwaulemu cholinga cha ntchitoyo. A Doreen anawasiya mpaka anamaliza.

"Keith ndamulira zaka zambiri kuposa zimene inu mwakhala ndi moyo," anatero. "Koma chakudya chimene iye ndi anzake ankadya, analima ndani?"

Amayi anapisa m'chikwama chawo n'kutulutsa selotepu ya kunyumba. Anatenga kwa ine pepala langa lija, lokwinyika m'makona, n'kuling'ambira tepu ndi mano, n'kulimata pakati penipeni, pambali pa la mnyamata wina amene agogo ake ankaulutsa ndege. Pepala linapendama. Palibe analichotsa. Linakhala pomwepo chopendama mpaka tinatsekera Khirisimasi.

Pobwerera tinayenda pang'onopang'ono, atatu m'ambulera imodzi, a Doreen akudandaula za mawondo ngati palibe chachitika.

Nthawi imeneyo ndinkaona kuti olimba mtima tinali awiri, ine ndi a Doreen, ndipo amayi anangotiperekeza. Ndinali nditakula pamene ndinapeza kalata m'chikwama cha mapepala athu, yokana pempho lathu loyamba. Inafika sabata yomwe ija. Panatenga zaka zina zitatu kuti atilole kukhala. Ine ndikanangotaya nthawi yosewera, a Doreen analibenso munthu woti amuope. Amayi okha ndiye ankakhulupirira kuti dandaulo limodzi lochokera kusukulu likhoza kutikweza ndege yotibweza kwathu, koma anapita ndithu.