Katundu wa Mwana m'Galaja la Aneba

M'tauni ya Chillicothe aliyense amene ali ndi mwana wa sukulu amamudziwa Shelby Tackett, mtsikana woyendetsa basi yachikasu. Ngati simunamuone, mawu ake okha munawamva ndithu. Akakuwa kuti "Khalani pansi kumbuyoko!" ndi agalu omwe a m'mbali mwa msewu amakhala pansi. Ndi wamfupi, phwete lake ndi losabisika, ndipo mawu sawasunga m'kamwa.

Shelby anakulira m'manja mwa boma. Mayi ake atalephera kumusamala, anazungulira makomo asanu ndi awiri, zovala zili m'jumbo lakuda lotayira zinyalala. Kuyendayendako kunamuphunzitsa nzeru imodzi. Akafika pakhomo lachilendo ankayamba wasuzumira kuchipinda. Akapeza bedi loyalidwa kale, ankadziwa kuti anthuwo amamudikira. Akapeza akusuntha kumene makatoni kuti apeze pomugoneka, ankadziwa kuti pamenepo sachedwapo.

Ali ndi zaka 23 anaima. Mwini mimbayo atangomva anati phazi thandize, mpaka lero. Shelby anasinkhasinkha miyezi itatu n'kuona kuti kachipinda kake ka lendi ndi ntchito yodzuka mbandakucha sizingamulole kulera mwana mmene amafunira. Koma zoti mwanayo apite kwa anthu osawadziwa, iye n'kuzimiririka ngati mmene anachitira mayi ake, zimenezo anakanitsitsa kwamtuwagalu. Kubungwe loona za kulera ana ndi kumene anamuuza kuti mayi amatha kusankha yekha banja, kukumana nalo, n'kumapitiriza kumuona mwanayo akukula.

"Zoona? Ndisankhe ndekha ine?"

Anatuluka muofesimo atakumbatira timabuku ta zithunzi khumi ndi tiwiri, timene mabanja ofuna mwana amakonza kuti adzionetse. Ankatiwerenga m'basi podikira ana kuti aweruke. Mabanja ambiri anajambulitsa atavala zofanana, mano onse pamtunda. Limodzi lokha linali litanyowa ndi mvula, tenti yawo itagwa, likuseka chikhakhali. Anali a Curtis Albrecht, okonza mipopi ya madzi, ndi akazi awo a Noreen a kulaibulale.

Anakumana kawiri kumalo odyera, n'kugwirizana zonse: Shelby azidzabwera mwezi uliwonse, zithunzi azilandira pafoni, ndipo mwanayo adzakula akudziwa amene anamubereka. Mimba itakwana miyezi isanu ndi itatu anamuitanira kunyumba. Chimwemwe chake tsiku limenelo! Njira yonse ankaimba, timasokosi ta mwana tili m'thumba.

Atangolonjerana anapempha kupita kuchimbudzi, koma anakalowera kuchipinda chimene anamuuza kuti chidzakhala cha mwana. Anatsegula chitseko. Munali tebulo, njinga yochitira masewera olimbitsa thupi, ndi makatoni a mabuku. Kabedi ayi, thewera ngakhale limodzi ayi. Zinamupweteka koopsa, ndipo anatsika masitepe atatupa ndi mkwiyo.

"Mayi Albrecht, kwatsala milungu isanu. Mwanayu muzidzamugoneka panjinga ija?"

A Noreen anangoti kukamwa yasa, mbale ya nkhuku ili m'manja.

"Ngati simukumufuna nenani," anapitiriza Shelby. "Timabuku tina tija sindinabweze. Mwana wanga sapita pakhomo pomwe anthu adzayambe kusuntha makatoni iye atafika kale."

A Curtis anakanda m'mutu. "Noreen, tangomuonetsani."

"Anatiletsa kubungwe!"

"Anatiletsa, inde. Nanga si izi watsala pang'ono kutimenyazi?"

Anamutsogolera kudutsa pakapinga mpaka kugalaja la aneba. A Curtis anakweza chitseko, chinalira kweee, Shelby n'kugwira pakamwa.

"Mayo ine!"

Galimoto ya eni ake inali panja chifukwa m'katimo munalibe malo. Kabedi ka mwana kali m'katoni yake. Mpando wa mwana wa m'galimoto, kangolo komuyendetsera, matewera osanjikizana mpaka kudenga. Mpando wogwedezeka umene a Curtis anakhoma okha, wopendekeka pang'ono. Zitini zitatu za penti, mitundu yosiyana, zonse zosatsegula.

"Tasamutsa dzulo lonse," anatero a Curtis. "Msanawu ndi mboni."

"Inu anthu inu! Mitu yanu ikuyenda bwino? Mwabisiranji?"

A Noreen anafotokoza. Kumaphunziro a makolo ofuna kulera ana anawalangiza kuti mayi woyembekezera asamuonetse chipinda chokonzakonza, chifukwa chimamumanga mtima. Mwana ndi wake mpaka tsiku limene adzasaine mapepala, patapita masiku atatu atabereka, ndipo ali ndi ufulu wosintha maganizo.

"Timaopa kuti ukaona zonsezi uchita manyazi kutikana, mwanawe. Tinafuna kuti ukamati inde, akhale inde wako."

Shelby anaseka mpaka kutsamira khoma. Kenako kusekako kunatha. Panali funso limene ankaliopa kuyambira tsiku la timabuku, ndipo analifunsa akuwayang'ana m'maso.

"Nanga ndikasinthadi? Ndikadzamunyamula n'kulephera kumupereka?"

Misozi inalengeza m'maso mwa a Noreen, moti anayankha ndi a Curtis.

"Ndiye kuti zonsezi tikweza pagalimoto yanga, tikatula kwanu. Kabediko ndidzamanga ndekha. Mwana afunika pogona, kaya ndi kuno kaya ndi kwanuko."

"Tinagwirizana kale zimenezo," anatero a Noreen akupukuta m'maso. "Ndidzalira, sindikunamize. Koma tidzabweretsa."

Shelby analira ngati mwana, osabisa. Anali wosangalala ndipo anali ndi chisoni, zonse nthawi imodzi, chifukwa apa ndi pamene anadziwa kuti adzamuperekadi. Anapisa m'thumba, n'kutulutsa timasokosi n'kutiika m'manja mwa a Noreen. Kenako ananena chinthu chimene anali asanauze munthu aliyense chichokereni kusikelo.

"Ndi wamkazi."

A Noreen anangokhala pamulu wa matewera, muluwo n'kugumuka nawo, miyendo m'mwamba.

"Wamkazi, a Curtis! Mwamva? Wamkazi!"

"Ndamva, mayi. Tadzukani, mukuphwanya katundu wa mwana wa Shelby."