Achikondi Awiri mu Foda Imodzi

Ndinanyamuka ku Lilongwe Lachisanu m'mamawa nditanyamula laputopu, waya wa disiki ndi buledi wa amalume. Minibasi ya ku Salima ndinaipeza pa depoti itadzaza theka, koma kondakitala analumbira kuti kwangotsala munthu mmodzi, amene ndi ine. Nditakhala pansi, anyamata amene anali pampando wakutsogolo anatsika n'kupita kukadzaza minibasi ina. Ndiyo ntchito yawo. Tinadikira mpaka dzuwa litayamba kuwawa.

Ndifotokoze chimene ndinkapitira. Ntchito yanga ndi yolemba mapulogalamu a kompyuta. Ndikaweruka ndimathandiza, mosalipidwa, kagulu ka anthu a m'mayiko osiyanasiyana kamene kamasamalira timapulogalamu ta makompyuta akale, tija timagwira ntchito munthu akachita kulemba lamulo pa sikirini yakuda. Tiwiri mwa timeneti ndi ta zizindikiro za mafayilo. Fayilo kapena foda imatha kukhala ndi zizindikiro zobisika: china chimati iyi isafufutidwe, china chimati iyi muzingowonjezera kumapeto kwake. Kapulogalamu kamodzi kamaonetsa zizindikirozo, chilichonse ndi chilembo chake, ndipo kanzake kamaziika kapena kuzichotsa. Ndiye kunabwera chizindikiro chatsopano, chouza foda kuti isamasiyanitse zilembo zazikulu ndi zazing'ono m'mayina a mafayilo. Timapulogalamu tathu tinali tisanachidziwe. Ine ndinalemba mizere yotiphunzitsa, chizindikirocho n'kuchipatsa chilembo F. Mkulu amene amaona zimene timatumiza anangoyankha ndi funso: kodi mwayesa pa disiki ya munthu weniweni?

Sabata yomweyo amalume anga a Mbewe, amene amajambula mavidiyo a maukwati ku Lifuwu, anandiimbira foni.

"Tadala, kompyuta yadya ukwati."

Anali atajambula maukwati awiri, akwatibwi onse dzina lawo Chikondi. Vidiyo yoyamba anaisunga pa dzina la CHIKONDI, zilembo zazikulu zokhazokha. Yachiwiri anailemba kuti Chikondi. Zaka zonsezi kompyuta yawo inkaona mayina oterewa ngati anthu awiri. Koma ulendo uno anasunga pa disiki yogula kwa munthu, ndipo wachiwiri atalowa, woyamba anasowa. Eni ake a vidiyo yosowayo anali kubwera Loweruka. Ndinawapempha kuti alembe lamulo limodzi pa sikirini yakuda n'kundiwerengera zotuluka.

"Mwakudamo sindilembamo ine," anatero. "Ndingafufute ndi maukwati a chaka chamawa."

Ndinawauza kuti azimitse kompyuta, asaikhudzenso, ndikubwera.

Titapitirira Kanengo n'kukhotera msewu wa ku Salima, kondakitala anayamba kutolera. Anati teni sauzande, ndipo laputopu ikafuna mpando wakewake ilipirenso. Ndinaifungatira pamiyendo. Pambali panga panali mayi wogulitsa usipa, akubwerera kunyanja ndi madengu opanda kanthu, ngakhale fungo linali lisanatsike.

"Mukupita kukaona abale, achemwali?"

"Eee, komanso kukayesa chilembo."

"Chilembo chanji?"

"F."

"Chimodzi chomwecho?"

"Chimodzi chomwecho."

"Akukulipirani?"

"Ayi."

Anandiyang'ana nthawi ndithu, kenako anatsegula kampango n'kundinyemera mbatata yophika. Sanafunsenso.

Pa Chezi minibasi inaima ndipo mawindo onse anadzaza tomato, nthochi ndi chimanga chootcha. Ndinagula chimanga chimodzi. Dalaivala anagula beseni lonse la tomato n'kuliika pamapazi anga, akuti poti ine ndikuoneka wosamala zinthu. Kuchokera pa Mvera msewu umatsetsereka mokhotakhota, ndipo kutentha kumakwera minibasi popanda kulipira. Majuzi a ku Lilongwe anavulidwa mmodzimmodzi. Pafupi ndi Kaphatenga bambo wina wa kumbuyo analoza mbali ya kumalo osungira nyama zakutchire a Kuti n'kunena kuti kumeneko kuli mbidzi, ngakhale iye chibadwire sanazionepo, amangomva kwa alendo amene amamufunsa njira.

Pa boma la Salima ndinatsika chakumasana. Njinga za kabaza zinandizungulira ngati ndabwera ndi uthenga. Ndinasankha njinga yamoto ya bambo wina wa kofia yoyera, chifukwa ndiye yekha amene sanandikoke chikwama. Tinagwirizana faifi sauzande mpaka ku Lifuwu. Ndinawapempha kuti aziyendetsa pang'onopang'ono chifukwa cha laputopu.

"Inshallah ifika," anatero. "Ndanyamulapo mazira, ndanyamulapo wodwala. Onse anafika."

"Osasweka?"

"Wodwalayo."

Tinatsata tala wa ku Senga Bay, kenako tinakhotera kumanzere mumsewu wafumbi. Inali nyengo yokolola. Mpunga unali utayanikidwa pamalona m'mbali mwa msewu, malo ena mumsewu mwenimwenimo, ndipo njinga inkachita kuuzemba mwaulemu. Nyanja sinkaoneka, koma inkamveka m'mphuno.

Situdiyo ya amalume ndi kachipinda kuseri kwa golosale. Muli tebulo, kompyuta, batire ya sola ndi chinsalu chojambulidwa nyumba yosanja, chimene anthu amaimapo kutsogolo pojambulitsa. Kompyuta anali ataifunditsa chitenje. Azakhali, akazi awo a amalume, anakana kuti ndiyambe ntchito ndisanadye, choncho ndinayamba ndadya mpunga watsopano ndi utaka wokazinga, amalume ataima pakhomo n'kumayang'ana mbale yanga kuti ithe msanga.

Ndinalumikiza disiki ija ku laputopu mwa njira yoti ndizingowerenga, osalembamo kanthu. Poyamba ndinaifunsa ndi kapulogalamu kakale. Kanaonetsa dzina la foda ndi timizere tokhatokha, kutanthauza kuti palibe chachilendo. Kenako ndinaifunsa ndi katsopano kanga. Pakati pa timizere tija panatuluka F.

Amalume anavala magalasi n'kuwerama.

"Ndi kameneka?"

"Ndi kameneka. Amene anakugulitsani disiki anasiya foda imeneyi ili ndi chizindikiro. Kwa iyo, CHIKONDI ndi Chikondi ndi dzina limodzi. Munthu wachiwiri atabwera, inaganiza kuti ndi yemwe uja wasintha zovala."

"Ndiye osandifunsa?"

"Munaiuza kale kuti isamakufunseni."

Anavomera kuti mafunso ake ankawachedwetsa.

Ndinayesa kuchotsa chizindikirocho ndi kapulogalamu kachiwiri. Kanakana, n'kulemba mawu amodzi okha akuti zalephereka. Ine ndinkadziwa chifukwa chake: chizindikiro chimenechi chimaikidwa kapena kuchotsedwa pa foda yopanda kanthu basi. Amalume sankadziwa, ndipo kapulogalamu kanga sikanawauze.

"Zalephereka chifukwa chiyani?" anafunsa sikirini.

Ndinatsegula mizere yanga n'kuwonjezera chiganizo chofotokoza chifukwa. Chinali chinthu choyamba chimene disiki ya munthu weniweni inandiphunzitsa.

Koma F sankabweza vidiyo. Ankangonena amene anaidya. Ndinafunsa za memori khadi ya kamera, amalume n'kunena kuti anajambulirapo kale kwaya ndi mpira. Kenako anakhala pa benchi n'kuvula magalasi.

"Bambo ake a Chikondi woyambayo, a Chibwe, ankapha nsomba ku chilumba cha Mbenji," anatero. "Ukwati utangodutsa anadwala, sanachedwe kutisiya. Munthu uja sankafuna kamera. Chithunzi chake chimene ali nacho kunyumba ndi cha pa chiphaso, ndipo akuoneka ngati wagwidwa ndi mbuzi yakuba. Mayi ake a Chikondiyo akhala akudikira maliro ndi zonse zithe kuti adzatenge vidiyoyi. Ndikawauza chiyani mawa?"

Ndinayamba kukopera disiki yonse, kuti ndifufuze m'malo amene kompyuta imati mulibe kanthu. Fayilo ikalembedwa pamwamba pa inzake, yakaleyo siichoka yonse nthawi yomweyo. Zidutswa zake zimatsalira mpaka china chitadzakhalapo. Mwayi wathu unali mvula. Ukwati wachiwiri unabalalika msanga chifukwa kunagwa chimvula, choncho vidiyo yake inali yaifupi ndipo inangophimba koyambirira kwa yoyamba. Komanso kamera ya amalume ndi yakale, ya mtundu umene vidiyo yake imaseweredwa ngakhale itaduka mutu. Madzulo onse ndinakhala ndikutola zidutswa n'kumazilumikiza, amalume akundiuza kuti ichi n'cha ukwati uno, ichi n'cha chinkhoswe cha anthu ena amene anasiyana kale.

Loweruka m'mawa amalume anavala jekete, kunja kukutentha choncho. Anaphiri, mayi ake a Chikondi, anafika ndi mwana wawoyo. Anali mayi wamfupi, atavala duku lakuda, ndipo anakhala pa benchi manja ali pamaondo. Amalume anafotokoza zonse, ndi za F zomwe, mwadongosolo ngati mboni. Anamaliza ndi kunena kuti za kutchalitchi zonse zapita: kulowa, malumbiro, mphete. Zatsala za kuholo, ndipo penapake zikudumpha.

"Iwo alimo?" anafunsa Anaphiri.

"Alimo."

"Yatsani."

Vidiyo inayamba pakati pa nyimbo, anthu ali kale m'mizere. Chikondi anadziona yekha mu velo n'kubisa nkhope. Kamera inayenda m'holo, ndipo kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi khomo, panali bambo wamtali wa suti yoperewera manja, akusenda nzimbe ndi mano. Anaona kamera, anabisa nzimbe kumbuyo, kamera itapita pang'ono anaitulutsanso.

"Ndinawauza kuti aisiye kunyumba," anatero Anaphiri.

Patsogolo pake anaitanidwa kuti avine ndi mwana wawo. Anabwera akupukuta manja m'thalauza. Kuvina kwake kunali kwa munthu woima m'bwato pa mafunde: miyendo motalikirana, mapewa okha ndiwo akuyenda. Holo yonse inkaseka. Iwo sanaseke, anavina mpaka nyimbo itatha, kenako ananong'oneza mwana wawo kanthu kena m'khutu, ndipo pamenepo chithunzi chinadumpha n'kufika pa keke.

Chikondi ankalira mosatulutsa mawu. Anaphiri sanachotse maso pa sikirini.

"Anakuuza chiyani pamenepo?" anafunsa.

"Anati nsapato zikuwawawa," anayankha Chikondi.

Anaphiri anagwedeza mutu. "Zinali zobwereka." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje n'kutembenukira kwa amalume. "Za kutchalitchizo tinazimva tokha, a Mbewe, ndipo abusa akadalipo. Bwezani pa nzimbe paja."

Amalume anabweza. Anabwezanso kachiwiri. Ulendo wachitatu anaphunzitsa Chikondi batani lake n'kutuluka panja kukavula jekete.

Ndisananyamuke ndinapanga foda yatsopano yopanda chizindikiro, n'kusamutsiramo maukwati onse, ndipo ndinaika timapulogalamu tatsopano pa kompyuta ya amalume. Anavomera kulemba lamulo limodzi pa sikirini yakuda ine ndikuona, ndi chala chimodzi, ngati akuyesa ngati simbi yatentha. Vidiyo ya Anaphiri tinaikopera malo atatu.

Pobwerera ndinakwera lole ya mpunga mpaka pa boma, nditakhala pamwamba pa matumba ndi amayi awiri ndi nkhuku imene sinali ya aliyense wa ife. Netiweki inabwerera titafika pa tala. Mu minibasi ya ku Lilongwe ndinatsegula laputopu pamiyendo kuti ndikonze mawu a m'malangizo a timapulogalamu tija. Poyamba ndinali nditangolemba kuti F amatanthauza foda yosasiyanitsa zilembo zazikulu ndi zazing'ono, ndipo ndinkaona kuti ndamaliza, poti n'zoona. Tikukwera mapiri a ku Mvera ndinawonjezera chiganizo china, chakuti mu foda yotere mafayilo awiri osiyana kalembedwe kokha sangakhale limodzi, yobwera pambuyo imafufuta yoyamba. N'chinthu chodziwikiratu kwa aliyense wodziwa makompyuta. Kungoti anthu amene amasunga bambo a anzawo pa disiki si onse amene amadziwa makompyuta.