Masamba a Bambo Kachingwe

Lamlungu lapitali, pa nthawi ya zolengeza ku tchalitchi chathu ku Tottenham, Bambo Kachingwe anaimirira. Ndi munthu wofatsa. Amasamalira okalamba ku Ilford, ndipo msana wawo unatha n'kunyamula anthu.

Anati: "Amene nkhani ya masamba ouma oletsedwa ndi boma ikuwakhudza, atsaleko pang'ono."

Amayi onse anatsala.

Chifukwa chake mukuchidziwa. Kwa Mmalawi, masamba ouma ndi mfutso basi. Ndani mwa ife sanadutsepo pabwalo la ndege mtima ukugunda, mfutso wa nkhwani uli pansi pa sutikesi, atauvindikira ndi chitenje?

"Zoona achimwene!" anayamba Mayi Nabanda, mtsogoleri wa amayi. "Ine ndimachita kutuluka thukuta ngati ndanyamula mfuti. Ndiwo zenizeni! Tiyeni tikawauze."

"Amayi, sindikunena mfutso. Ndikunena kratomu."

"Kalatomu? Amathira nsinjiro?"

Bambo Kachingwe anafotokoza. Ndi masamba a mtengo wa ku Asia. Amawapera n'kumwa ngati tiyi, ndipo ena amati amachepetsa ululu. Kuno kuwagulitsa n'koletsedwa. Iwo ali m'kagulu kofuna kuti lamulo lisinthe: masambawo aziyezedwa, papaketi pazilembedwa zimene zili m'kati, ana asamagulitsidwe. Phungu wa dera lawo walola kukumana nawo, ndipo akufuna anthu owaperekeza kuti asakaoneke ngati munthu mmodzi wa msana wowawa.

"Oho, ndi fodya wamkulu wavala suti," anatero mkulu wina kumbuyo.

Mipando inalira. Mwadzidzidzi aliyense anakumbukira kuti ali ndi shifiti.

Ndinaseka, koma pa basi pobwerera ndinadzifunsa: analakwa ndani? Amayi aja sanafunse, ndipo safunsa anadya phula. Koma nawo Bambo Kachingwe anazungulira dala. Anaopa kuti akatchula dzina lenileni m'tchalitchi, atsala okha ndi wosesa.

Ndi matenda athu amenewa. Chimene tikuchita nacho manyazi timachipatsa dzina laulemu. Mowa ndi "zakumwa". Chibwenzi ndi "asisi a ku Peckham". Pocheza palibe vuto. Koma lamulo silimva mikuluwiko. Ungapemphe bwanji boma kuti liike chinthu poyera, iwe mwini ukuchibisa m'chitenje?

Musandimve molakwa. Za kratomu ine sindikudziwa zambiri, ndipo sindikuuza munthu kuti amwe. Ndikudziwa chimodzi: chinthu chikaletsedwa sichitha, chimangosamukira m'thumba la jekete. Kumeneko palibe woyeza, palibe wofunsa zaka za wogula. Mfutso timaudya mtima uli m'malo chifukwa tikudziwa anayanika ndani. Nanga ufa wobiriwira wopanda dzina, wochokera kwa munthu wa pa foni?

Kaya tiulole kaya tiukane, nkhaniyi ndi yofunika kukambidwa masana, ndi dzina lake.

Ndisanatuluke m'tchalitchi muja ndinaonanso china. Panatsala Sisitala Jere, namwino wa zaka zambiri, atapinda manja. Bambo Kachingwe anali kulongedza mipando okha, osayang'ana munthu kumaso.

"A Kachingwe, ine zimenezi sindigwirizana nazo," anatero. "Zimazolowetsa. Ndipo msana wanuwo mukauonetse kwa dokotala, osamangoupatsa tiyi."

"Ndamva, sisitala."

"Kwa phunguko mukupita liti?"

"Lachisanu. Bwanji?"

"Ndikuperekezani. Inu mukanene zanu, ine ndikanene zanga."

"Ndiye mukandigwetsatu."

"Mwina. Koma mukalowa muli awiri."

Bambo Kachingwe anaika mpando pansi. Kenaka anafunsa ngati sisitala amakwera basi kapena sitima.

Anzathu aja ankati "tiyeni tikawauze" anathawira ku shifiti. Wotsutsa ndiye akupita Lachisanu. Nanga inu, mukadatsala?