Nsalu Imene Ndinapereka kwa a Muhiwa

Ubweya wa galu ukanyowa ndi chiperoni umakhala ndi kafungo kakekake, konga ka bulangete losauma bwino. Ndikakamva lero, maganizo amathamangira kwathu kufupi ndi Chonde, chaka chimene ndinali mu Sitandade 4. Inali nyengo yozizira, pamene nkhungu imatsika m'phiri la Mulanje n'kumeza minda ya tiyi, mitengo ya bulugamu ndi nyumba za anzathu. Phiri lonse lija linkasowa kwa masiku angapo, ndipo mawu a anthu othyola tiyi tinkawamva eni ake osawaona. Ine ndinali mwana wamantha, sindibisa. Tsamba la nthochi likagwedezeka popanda mphepo, ndinkaliyatsa liwiro.

Amayi anasiya kumva nditangoyamba sukulu, atadwala malungo aakulu. Kuyankhula ankayankhula ndithu, ndipo ankatimva poyang'ana milomo yathu, koma kuwaitana uli kumbuyo kwawo kunali kudzivutitsa chabe. Ankasoka zovala pakhonde ndi makina opalasa ndi mapazi. Abambo anali kalaliki wa pasikelo ku esiteti ya tiyi ndipo ankalawira m'mamawa. Ine ndikapita kusukulu, pakhomo pankatsala amayi ndi mlongo wanga Yamikani, amene anali atangoyamba kukwawa. Tsiku lina Yamikani anakwawira pambaula n'kugwira khala lamoto. Analira mpaka mawu kusasa, amayi akupalasa makina pafupi pomwepo osadziwa kanthu. Anadzamutola ndi mayi wa nyumba yoyandikana nafe. Nditabwera ndinapeza amayi atamufungatira, kadzanja kali kokulungidwa ndi bandeji, misozi ikungoyenderera.

Abambo anati amayi akufunika makutu ena pakhomo. Ali mtsikana, amayi anagwirako ntchito kunyumba ya bwana wina wa esiteti, kumene kunali kagalu koyera kaubweya wambiri kamene kankathamangira kwa dona mlendo akafika. Galu wakumudzi salowa m'nyumba, ndipo chigalu chachikulu sungachisiye ndi khanda, makamaka kwathu kumene chiwewe sichinali nkhani yachilendo. Pankafunika kagalu ka mtundu weniweniwo, kosakula, kokonda kukhala pamapazi a munthu. Abambo atafunsa mtengo wake ku Blantyre anangoseka, ati ndi malipiro a kalaliki tingagule mchira wokha.

Loweruka lina tinapeza mwamuna wina pamsika wa Nkando ali ndi katoni. M'katimo munali tiana ta agalu tinayi, toyera, titagona mounjikana. Msika unali piringupiringu, maminibasi akuimba mabelu, koma m'katonimo munali zii. Wogulitsayo anati ndi mmene timakhalira ta mtundu wapamwamba, ta ulemu. Abambo atafunsa za make, iye anati ali ku Milange, kutsidya kwa malire. Mtengo unali wabwino, ndiye tinatenga kamodzi. Kunyumba sikanalire, sikanauwe, kudya sikanadziwe n'komwe. Kankangotiyang'ana ndi maso osatsekuka bwino. Ndinakatsekula kukamwa kuti ndione ngati kali ndi lilime, ndipo ndinamva fungo la kachasu. Pa tsiku lachitatu kanafa. Abambo akukakwirira kuseri kwa nthochi anangoti, "Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere."

Mlangizi wa ziweto ndi amene anawauza abambo za agogo a Muhiwa. Mkuluyu anali khukhi wa mzungu wina kwa zaka zambiri, ndipo bwanayo pochoka anamusiyira tiagalu tiwiri. Ankakhala yekha kumapeto kwa minda ya tiyi, m'tsinde mwa phiri. Dzinalo silinali lachilendo kwa ine, chifukwa ana tonse tinkamudziwa. Mnzanga Asiyatu, amene bambo ake anali ndi golosale pa Chonde, anali atandifotokozera zonse. Ankati tiagalu ta a Muhiwa si agalu ayi, ndi ana amene anasowa m'phiri, n'chifukwa chake sitikula. Ankati mkuluyo ali ndi buku lolembamo mayina, ndipo wolembedwamo sachedwa kusanduka kagalu. Kwawo kwa Asiyatu sankaweta agalu, ndipo iye sanakaoneko kalikonse ka tiagaluto, koma ankalumbira ndipo ine ndinkakhulupirira.

Tinapitako ine ndi abambo nkhungu ili tolo. Njira inali yoterera, mizere ya tiyi ikudontha madzi mbali zonse. Nyumba sitinaione mpaka titatsala pang'ono kuigunda. Kenako pansi panayamba kutuluka tinthu toyera, kamodzikamodzi, ngati kuti nkhunguyo yamera miyendo. Tinatizungulira tikuuwa ndi timawu tating'ono. Munthu wamtali wovala chijasi chakuda anaima pakhomo n'kukweza chala chimodzi, ndipo tonse tinakhala chete nthawi imodzi. "Rozi, Joni, Mariya, bwererani," anatero. Mayina a anthu! Ndinagwira thalauzi la abambo osalisiyanso.

A Muhiwa anationetsa make wa tiana ndi bambo wake, natulutsa makhadi a katemera wa chiwewe m'chitini cha mabisiketi. Anati mwana wa galu sachoka kwa make asanaleke kuyamwa, ndipo anatisankhira Luwiza, kakakazi ka miyezi isanu. Mtengo wake unali wofanana ndi wa kambuzi kakang'ono, moti abambo anamwetulira. Koma mkuluyo anakana kutipatsa tsiku lomwelo, ati sapereka galu kunyumba imene sanaione. Anatsekula buku lachikuto chakuda n'kulemba dzina la abambo, ine ndikuyang'ana cholembera chikuyenda.

Anabweradi kwathu Lamlungu masana. Anayendera mpanda, anasuzumira kukhitchini, anayang'anitsitsa dzanja la Yamikani. Kenako anaima kumbuyo kwa amayi n'kuomba m'manja katatu, amayi osatembenuka. Anagwedeza mutu. Pochoka anauza abambo kuti, "Munditumizire chitenje cha mayiwa. Chovalavala, chosachapa." Abambo anavomera ngati apemphedwa mchere.

Ine ndinkadziwa tanthauzo la kupempha nsalu ya munthu yosachapa. Mwana aliyense kwathu ankadziwa. Tinkauzidwa kuti tisamataye tsitsi paliponse, tisamasiye zovala panja dzuwa litalowa. Tsono abambo, munthu wophunzira, anakulunga chitenje cha amayi m'pepala la pulasitiki n'kundituma kuti ndikapereke pochokera kusukulu. Ndinayenda nacho mpaka pakamlatho ka mitengo. Pamenepo ndinaganiza za Yamikani wopanda mayi, ndinaganizanso za amayi ali kanthu koyera kosatha ngakhale kumva dzina lake likuitanidwa. Ndinabisa chitenjecho m'chikwama cha mabuku. Ndinamasula kansalu kanga kamene ndinkafunda paphewa chifukwa cha chisanu, n'kukakulunga m'pulasitikimo. Ndinkaona kuti pakhomo pathu amene angasowe popanda zinthu kuima ndine.

A Muhiwa analandira phukusilo, analitsekula, nandiyang'ana nthawi yaitali. Anati tidikire masabata atatu.

Masabata amenewo sindidzawaiwala. Ndinalemba mzere ndi khala pafelemu ya chitseko, ndipo m'mawa uliwonse ndinkaimapo kuti ndione ngati ndayamba kufupika. Ndinkadzigwira m'manja kufufuza ubweya. Popita kusukulu m'nkhungu ndinkatchula dzina langa mokweza, Felisita, Felisita, kuti ndimve ngati mawu akutulukabe a munthu. Chakudya sichinkalowa. Amayi anandigwira pachipumi n'kunena kuti mwina ndi malungo, ine n'kungowayang'ana, mumtima ndikutsanzika. Asiyatu ndinamupatsa labala yanga yatsopano osamuuza chifukwa chake.

Tsiku lake linafika, Loweruka m'mawa, chiperoni chikuwaza. Ndinaona chijasi chakuda chikutuluka m'nkhungu, ndipo pambali pake kanthu koyera kali pachingwe. Amayi anakhala pampando pakhonde monga mmene a Muhiwa anapemphera. Mkuluyo anamasula chingwe nafuula, "Odi!" Luwiza anathamanga. Anawadutsa amayi ngati mtondo, anazungulira abambo, nabwera kuseri kwa chitseko kumene ndinabisala. Analuma m'mphepete mwa diresi yanga n'kuyamba kukoka. Ndinakuwa. Ndinakuwa kuti nditengeni ine koma amayi muwasiye, ndinagwada pansi ndikulira, kagaluko kakundinyambita m'manja.

"Mwanawe," anatero a Muhiwa, "nsalu ija inali ya yani?"

Ndinaulula zonse, za Asiyatu, za buku, za pakamlatho. Abambo anachita manyazi mpaka kuvula chipewa. Amayi ankayang'ana milomo ya wina ndi wina osatola bwino nkhani. A Muhiwa sanaseke ndipo sanakalipe. Anakhala pansi n'kufotokoza kuti masabata atatu onsewo Luwiza ankagona pa nsaluyo. Munthu akati odi, kapena mwana wa nyumba yapafupi akalira, ankamuphunzitsa kuthamangira fungo limenelo n'kukoka. "Ndinaona kuti n'kansalu ka mwana," anatero, "koma ndinati mwina ndi mmene zilili pakhomopo. Safunsa anadya phula, tadya tonse, ine ndi iwe." Kenako anati galuyo abwerera naye, chifukwa galu wothamangira mwana wasukulu sangawathandize amayi.

Pamenepo mpamene ndinamva kuwawa kwenikweni. Ndinali nditawalanda amayi makutu amene abambo anawafunafuna nyengo yonse. Ndinapempha ndikulira kuti asapite naye. Mkuluyo anavomera kumusiya, koma anandipatsa lamulo. Kwa mwezi wathunthu ndisamugwire Luwiza, ndisamuitane, ndisamupatse ngakhale kachidutswa ka mbatata. Azidya m'manja mwa amayi, azigona pa chitenje chawo, ndipo akandithamangira ndizimufulatira.

Mantha a buku lija anali ochepa poyerekeza ndi mwezi umenewo. Kagaluko kankandidikira panjira, kankalira pakhomo la chipinda changa, kankandibweretsera nsapato yanga. Ine ndinkayang'ana kudenga manja ali kumbuyo. Sindinakondedwepo chotero ndi chamoyo chilichonse, ndipo ndinkayenera kuchikana tsiku ndi tsiku. A Muhiwa ankabwera Lachitatu lililonse kudzabwereza maphunziro, namwa tiyi pakhonde. Ndinaona kuti chijasi chija chinali ndi zigamba m'zigongono, zimene amayi anawasokera bwino.

Nkhungu inayamba kuchepa kumayambiriro kwa Ogasiti, phiri linabwerera pamalo pake. Tsiku lina pochokera kusukulu ndinaima pampanda. Amayi anali pamakina atandifulatira, Yamikani akusewera pamphasa, Luwiza atagona padzuwa. Ndinati, "Odi!" Luwiza anadzuka n'kundiyang'ana, mchira ukugwedezeka. Anayenda mapazi awiri kubwera kwa ine. Kenako anatembenuka, nathamangira kumakina, nakoka chitenje cha amayi. Makina anaima. Amayi anacheuka n'kundiona, ndipo anaseka. Chiyambire kudwala kwawo, kanali koyamba kuti ndiitane ndili kumbuyo kwawo iwo n'kutembenuka. Ndinalira, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati ndinkalirira galu amene ndinataya kapena amayi amene anandimva.

Ndili mwana ndinkaganiza kuti choopsa cha nyengo imeneyo chinkakhala m'tsinde mwa phiri, m'nyumba ya munthu wosungulumwa amene anapatsa agalu ake mayina a anthu poti analibe wina womuitana. Pano ndikakumbuka, chimene chimandiimitsa tsitsi ndi katoni ija ya pa Nkando, masana dzuwa likuswa mtengo, tiana tinayi titaledzeretsedwa kuti tisalire make, anthufe tikudutsa osaopa chilichonse. Luwiza anakhala ndi amayi zaka khumi ndi zitatu, ndipo Yamikani sanapsenso. Mzere wa khala uja ukadalipo pafelemu ya chitseko, ndipo tsopano umandifika pachifuwa.