Chingwe cha m'chiuno mwa ba Sakala

Fungo la penti wopsa likandipeza paliponse, mtima umabwerera ku kompaundi ya Kanyama, pakhomo pa ba Sakala, amene tinkasiyana nawo ndi kampanda ka matumba basi. Iwo ankasula mbaula. M'mawa uliwonse ankawotcha migolo yakale kuti penti achoke, utsi wakuda nkumalowerera m'zovala zathu zoyanika, kenako nyundo nkuyamba kulira mpaka dzuwa kupendeka, moti mayi anga ankati nkhuku zathu zinasiya kuikira chifukwa cha phokosolo. Ankakhoma malata akuimba nyimbo za kutchalitchi, ndipo ankazidziwa zonse kuposa akwaya eniake.

Koma m'tchalitchimo sankalowa. Lamlungu ankavala jekete nkuperekeza akazi awo, ba Esnati, ndiye akafika ankakhala panja, panjerwa, m'munsi mwa zenera. Ulaliki wonse ankaumvera pomwepo, ndipo akwaya akaphonya mawu ankawakonza kudzera pazenerapo. Abusa akawafunsa za ubatizo ankangoti chaka chamawa. Yankho limeneli ndinalimva kuyambira ndili giredi wani mpaka giredi sikisi.

Chifukwa chake kompaundi yonse inkachidziwa, poti ba Esnati nkhani inkawayabwa pakamwa. Ba Sakala anali ndi chingwe m'chiuno, chokhala ndi kachithumwa kamene mayi awo anasoka kumudzi ku Petauke, ana awo ena onse atamwalira ali makanda. Mayiwo anati tsiku limene chingwecho chidzachoke pathupi, mwanayo adzatsatira abale ake. Tsono abusa ankati wobatizidwa ayambe wavula zoterozo. Ba Sakala ubatizo ankaufuna ndi mtima wonse, koma imfa ankaiopanso ndi mtima womwewo.

Chaka china mvula inakwiya, Kanyama yonse nkusanduka dambo. Ba Sakala anapita kumsika atasenza mbaula, madzi akuwalekeza m'ntchafu, ndipo atabwerako, posamba, anapeza m'chiuno mulibe kanthu. Sanafuule. Anayala mphasa, nkugona chagada, nkuyamba kugawa katundu. Nyundo anapatsa bambo anga, lumo lodulira malata anati lipite kwa mlamu wawo ku Matero, jekete anati adzawaike nalo. Chakudya anakana. Tsiku loyamba linapita, lachiwiri linapita, imfa osaoneka. Lachitatu ba Esnati anakazinga tinsomba ta kapenta ndi tomato ndi anyezi pakhomo penipeni, akukupizira dala fungo m'nyumba, mpaka tinamva mawu ofooka akuti: "Nipaseniko pang'ono chabe. Munthu sayenda ulendo na njala."

Kuseri kwa mpanda ine ndi mayi tinaseka mpaka misozi. Komabe ndinene zoona, ndinkaopa. Mdalayo ndinkamukonda, ndipo pakhomo popanda nyundo ija panali zii ngati pamaliro.

Tsiku lachinayi mayi anandituma kukasesa pamene ba Sakala ankasulira, ndipo pakati pa zidutswa za malata ndinaona chingwe chakuda chitakodwa pamlomo wa mgolo. Sichinapite ndi madzi ayi, chinadukira pakhomo pomwepo. Ndinathamanga nacho m'nyumba ndikusangalala. Ba Esnati anandiphethira diso kuti ndibise, koma ndinali nditachiika kale m'manja mwa mwini wake.

"Manje mwaona," anatero ba Esnati. "Masiku folo kalibe pathupi, ndipo mwasiliza kapenta yanga yonse."

Ba Sakala sanaseke. Anakhala tsonga, akusisita kachithumwako ndi chala chawo chokhakhala chija.

"Si imfa chabe yamene niyopa, Esnati. Aka ndiye kanthu kanasalako ka amai. Nikakataya, monga nataya beve."

Ba Esnati anatsitsa maso, chifukwa zaka zonse zimene anakhala nawo anali asanamvepo zimenezi. Ine ndinkadikira kuti ba Sakala amange chingwecho m'chiuno, moyo upitirire monga kale. M'malo mwake anandituma mpeni. Nditabwera nawo, anatumbula ulusi mpaka kachithumwa kanatseguka. Mkati munali kamuzu kouma, kokulungidwa m'kansalu kong'ambidwa pachitenje cha mayi awo. Kamuzuko anakaponya pamoto wa mbaula, ndipo kansalu anakawongola bwinobwino pabondo, nkupempha akazi awo kuti akasunge m'Baibulo. Anati mayi awo anamanga chingwe chifukwa cha chikondi ndi mantha, ndiye chikondicho asunga, manthawo akawatula kwa Mulungu.

Madzulo ake anabwera kwathu kudzaitanitsa nyundo yawo, bambo nkuwaseka kuti cholowa sichibwezedwa. Lamlungu analowa m'tchalitchi nkukhala kutsogolo, akwaya nkuyamba kuwamvera pafupi. Mvula itatha tinakwera lole kupita ku mtsinje wa Kafue, ndipo anawabatiza tonse tikuona. Pobwerera, atafunda chitenje cha ba Esnati, mano akugundana, ndinawafunsa ngati mantha anatha.

"Sanasile, mwana wanga. Nangoingena nayo m'madzi."

Anakhala ndi moyo mpaka ine nditakwatiwa, ndipo anamwalira tsitsi lonse lili mbuu. Ine chingwe m'chiuno ndinalibe, koma ndinali ndi zanga: kuopa kuti ndidzalephera panjira, kuopa anzanga akuntchito kuti adzati ndasanduka mzibusa, wopemphera mopitirira muyeso. Ndinkaganiza kuti munthu amadzipereka kwa Yesu mtima ukakhala m'malo. Ndinadikira mpaka kubereka ana awiri, mtimawo osakhala m'malo. Tsiku limene abusa anaitana ofuna ubatizo, mantha anga onse anali pomwepo. Ndinaimirira nawo choncho, ndipo ndinapita kutsogolo.